Kankhope Kofiira ka Atelala

"Bweretsa kuno ndidzionere ndekha," anatero Azakhali, dzanja atalitambasula kale.

Foniyo inali ya Namwino, koma m'mawa umenewo inkayenda pabalaza ngati mbale ya shuga, aliyense kutapako. Inachoka kwa mchimwene wake wamkulu, inadzera kwa mlamu wake, ndipo tsopano inafika kwa mlongo wa malemu. Azakhali anaiika patali ndi maso, kenako pafupi, kenako patalinso. Pagalasi panalibe mawu ngakhale amodzi. Panali kankhope kamodzi kokha, kofiira psuu, nsidze zitakumana pakati, kamlomo katapindikira pansi. Pamwamba pake panalembedwa kuti Abambo, ndipo kanafika Lachiwiri m'mawa. Lachiwiri lomwelo dzuwa litapendeka, Atelala, bambo ake a Namwino, anagwa pambali pa makina awo osokera, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atamwalira kale. Tsopano panali patatha masiku atatu chiwaikireni m'manda.

"Palibe chovuta kumva apa," anatero Achimwene. "Imeneyo ndi nkhope ya mkwiyo, ngakhale mwana angakuuzeni. Abambo apita mtima uli wowawa, ndipo tonse tikumudziwa amene anawaputa."

"Inu, mwina chala chinangoterereka," anatero mlamu, mkazi wa Achimwene, munthu wofuna mtendere ngakhale pamene palibe poupeza. "Ine ndinatumizapo kankhope koseka pa uthenga wa maliro, ndimayesa kakulira poti kali ndi misozi. Mwinanso ankanena za kutentha. Mushopu muja mumatentha zedi."

"Kutentha kuli ndi kake, kotulutsa lilime," anamudula Achimwene. "Usatisokoneze."

Azakhali anapukusa mutu pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene wasunga mawu olemera kuposa a anzake onse.

"Nonsenu simukuona. Uku si kukwiya ayi, uwu ndi ululu. Mlongo wanga magazi anali atakwera, mutu ukuphulika, ndiye anati ndiitane mwana wanga amene ndinamuphunzitsa za chipatala. Mphamvu zolemba analibe." Anatembenukira kwa Namwino. "Nanga iwe unawayankha chiyani?"

Yankho linali poyera pagalasipo. Pansi pa kankhopeko panalibe kalikonse. Namwino masiku onsewa ankaopa chinthu chimodzi, kuti bambo ake anamwalira atamukwiyira. Tsopano Azakhali anamusenzetsa chachiwiri, choopsa kuposa choyamba: kuti anamuitana akufa, iye n'kubweza foni m'thumba.

"Tsitsani mawu," ananong'ona mlamu, akuloza chitseko cha kuchipinda. "Amayi angamve."

Pa ichi chokha onse anagwirizana. Amayi anali ndi chisoni chokwanira, ndipo za kankhopeka asazimve. Banja limeneli silinkagwirizana kawirikawiri, koma likagwirizana, nthawi zambiri linkagwirizana pa zolakwika.

Namwino anadzibweretsera yekha mlanduwu. Dzulo lake, mtima utamulemera, anaonetsa mchimwene wake uthengawo poganiza kuti amutonthoza. Anaiwala kuti Achimwene chinsinsi amachisunga ngati dengu lisungira madzi.

Mkangano wake ndi Abambo unachitika masabata atatu iwo asanamwalire. Matenda a shuga anali atawadya maso, magazi ankakwera mwezi ndi mwezi, koma m'mawa uliwonse ankapita kukatsegula shopu ngati mnyamata. Namwino anawapempha kuti apume, anawanyengerera, anawaopseza ndi mawu a madokotala, koma iwo ankangoyankha kuti, "Tamva, mayi." Tsiku limenelo anawapatsa yunifolomu yake yatsopano kuti aipinde m'munsi, poti inali yaitali. Anadikira pabenchi mpaka anamaliza. Ataitambasula, anapeza mpendero ukukwera ndi kutsika, kwina kwautali, kwina kwaufupi. Iye pakamwa pake sipanakhalepo chotsekera chibadwire. Anaiponya pathebulo lodulira nsalu, makasitomala awiri akuona.

"Taonani msoko uwu, Abambo! Ukuyenda ngati munthu woledzera. Maso anatha, vomerezani. Tsekani shopuyi musanatichititse manyazi."

Atelala anavula magalasi awo ochindikala aja, anawapukuta ndi kansalu, anawavalanso, kenako anapinda yunifolomuyo bwinobwino n'kuiika pambali. Zaka makumi anayi akusoka, palibe amene anawabwezerapo chovala. Kuchokera tsiku limenelo sanamuimbirenso foni, iyenso sanawaimbire, pakuti kuuma mutu anatengera kwa iwo omwewo. Ndiye Lachiwiri lija, ali pakati pa odwala, foni inanjenjemera m'thumba. Anaona kankhope kofiira, nati mumtima: adakali okwiya, ndiwaimbira Loweruka akazizira. Loweruka linamupeza kumanda.

Azakhali atamubwezera foni, Namwino analephera kukhala pansi. Analowa kukhitchini, anatsuka makapu otsuka kale, anasesa pakhonde posesa kale. Ankati akaika foni pawindo, pasanathe mphindi ziwiri waitenganso. Kankhopeko kankasintha nthawi iliyonse akakayang'ana. Akakumbukira mawu a Achimwene, kankamudzudzula. Akakumbukira a Azakhali, kankabuula. Anayesa kukakulitsa ndi zala ziwiri, ngati kuti mkati mwake mupezeka timawu tobisika. Anayamba uthenga wopita kwa mnzake wa kuntchito wofunsa tanthauzo lake, koma anaufufuta, pozindikira kuti mnzakeyo sankawadziwa Abambo.

Achimwene anamupeza kuseri kwa nyumba akuyanikanso thaulo louma kale. Anamuponyera makiyi, iye n'kuwawakha pachifuwa.

"Mwini nyumba akufuna chipinda chake kumapeto kwa sabata. Unkafuna shopu itsekedwe, eti? Pita ukaitseke wekha. Zovala za eni ake uwabwezere, zotsala ulongedze m'makatoni."

"Achimwene, ine ndinkangofuna kuti apume."

"Apuma," anatero Achimwene, maso ali ofiira, n'kutembenuka.

Mawu amenewo anamubaya kuposa onse a m'mawawo, ndipo anatuluka pageti asanavale n'komwe nsapato zabwino.

Shopu ya Atelala inali kachipinda kopanikizika pakati pa malo ometera ndi sitolo ya utoto. Loko anavuta, ndipo anatseguka pokhapokha Namwino atakumbukira kuti Abambo ankayamba akankha chitseko ndi bondo. Mkatimo munkanunkha mafuta a makina ndi nsalu yopsa pang'ono ndi simbi. Tepi yoyezera inali lende pamsomali wake. Sizasi yaikulu inali pathebulo, pakamwa pake pali yasa, ngati mwini wake wangotuluka kukamwa madzi. Kuchokera khoma lina kufika lina kunali waya, ndipo pawayapo panapachikidwa zovala za anthu: mabuluku, madiresi, majekete, masiketi a ana a sukulu.

Apa ndi pamene mutu wake unaima. Adziwa bwanji mwini wa chilichonse? Anatsegula madirowa awiri apamwamba kufuna kaundula, koma anangopeza mabatani, mazipi ndi zidutswa za choko. Abambo sukulu anailekeza msanga, ndipo cholembera ankachiona ngati mlendo wovuta. Miyezo ya anthu inali m'mutu mwawo, ndipo mutuwo unali utapita nazo zonse. Namwino anatsitsa buluku limodzi, analipinda, analipindula, analipachikanso. Anakhala pabenchi, anaimirira. Mpando wa Abambo sanauyandikire.

"Odi muno!"

Pakhomo panaima chimunthu chachikulu chovala malaya a kampani ya mabasi, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kwake kunasuzumira bambo wometa wa khomo loyandikana, amene anawapeza Atelala atagwa tsiku lija, chipeso chili m'thumba la pachifuwa.

"Pepani ndi zovutazi, achemwali," anatero dalaivalayo. "Ndinali paulendo wautali, ndamva dzulo. Tataya munthu. Sindikanabwera lero, koma mawa kuli ukwati wa mwana wa mchemwali wanga, ndipo buluku langa lili muno."

"Zikomo. Dzina lanu ndani, ndione ngati analemba penapake?"

Dalaivala anayang'ana wometa, ndipo onse awiri anamwetulira mwachisoni.

"Dzina silikuthandizani muno. Funani loyasamula."

"Loyasamula?"

Bamboyo anatulutsa foni yake, anapalasa ndi chala chonenepa, n'kumuonetsa. Uthenga wochokera kwa Atelala, Lolemba masana: kankhope kachikasu koyasamula, kadzanja kali pakamwa. Mawu panalibe.

"Ameneyo ndine," anatero monyadira. "Ndikabwera kudzayezetsa ndimakhala nditachoka paulendo, ndiye ndimagona pabenchi imeneyo iwo akundiyeza. Anandipatsa nkhope imeneyi kalekale, mafoni awa asanabwere. Tayang'anani m'chiuno mwa mabulukuwo, mkati."

Namwino anapindula chiuno cha buluku loyamba. Mkati mwake munali kankhope kojambula ndi choko, diso limodzi lotsinzina. Lachiwiri linali ndi kankhope ka magalasi. Lachitatu, lalikulu ngati thumba la chimanga, linali ndi kankhope kotsegula pakamwa kwambiri, maso ali tseke.

"Ndi limenelo!" anatero dalaivala. "Aliyense wosoketsa muno ali ndi nkhope yake. Ikakufika pafoni, ndiye kuti chovala chako chatha, bwera udzatenge. Basi, palibenso zina."

"Tsiku limene munawagulira foni ija, anabwera kwanga akuseka," analowererapo wometa. "Anati, taona, anthu awa andibera nzeru, nkhope zanga zonse zili umu. Ine yanga ndi ija yotseka pakamwa ndi zipi. Ankati si mmene ndilili, koma mmene akanakondera nditakhalira."

Namwino sanaseke. Sanamve n'komwe dalaivala akutsanzika. Anayamba kumapeto kwa waya, kupindula kolala iliyonse, chiuno chilichonse. Kankhope kolira, kankhope kotulutsa lilime, kena ka mano onse pamtunda, kena kodabwa. Chovala chikachedwa kutuluka pahang'ala ankachikoka n'kuchiponya pabenchi. Anafika kumapeto ena a waya. Panalibe chovala choyera, panalibe nkhope ya tsinya. Anayambiranso. Anakhuthula thumba la zidutswa za nsalu, anasuzumira kuseri kwa chitseko, anagwada kuyang'ana pansi pa makina. Chiyembekezo chimene chinangomuwalira chinayamba kuzima, ndipo mantha anabwerera ndi mphamvu. Mwina yunifolomu ija anaitaya tsiku lomwe lija. Mwina kwa anthu onse nkhope inkatanthauza kuti bwera, koma kwa iye yekha inatanthauza zimene Achimwene ananena.

"Kodi ndinati ulongedze kapena umwaze?"

Achimwene anali pakhomo, makatoni awiri ali m'khwapa. Pambali pawo panaima Amayi, atafunda nsalu yakuda, ochepa thupi kuposa mmene analili sabata yatha. Anakakamira kubwera kudzatenga magalasi a amuna awo, ndipo palibe amene anatha kuwaletsa.

"Ukufuna chiyani pansipo, mwanawe?" anafunsa Amayi.

Namwino anayang'ana mchimwene wake. Achimwene anamutuzulira maso, kumukumbutsa pangano la m'mawa. Koma iye anali atatopa. Anaimirira, anatulutsa foni, n'kuiika m'manja mwa mayi ake.

"Iwe!" anakuwa Achimwene.

"Abambo ananditumizira ichi tsiku limene anamwalira, Amayi. Sindinawayankhe. Achimwene akuti anandikwiyira. Azakhali akuti ankandiitana akumva ululu. Ndiuzeni inu, ngakhale zikhale zowawa."

Amayi anayang'ana pagalasipo kanthawi. Kenako pakhosi pawo panatuluka kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira, ndipo anagwira pakamwa ndi nsonga ya nsalu.

"Uyutu ndiwe," anatero. "Ndiwe uyu, mwana wanga. Ndiye mwakhala mukulimbana ndi zimenezi, ine ndili m'chipinda momwemo? Bwanji osandifunsa?"

Achimwene anayang'ana pansi. Wometa, amene zipi yake sinagwirepo ntchito, ulendo uno anaitseka.

"Tsiku limene unabadwa unali wofiira psuu, tsinya lili apa," anapitiriza Amayi, akugwira pakati pa nsidze zawo. "Bambo ako atakunyamula anati, uyu watikwiyira kale tisanamulakwire. Anaseka mpaka anamwino anawatulutsa panja. Kuyambira thewera lako loyamba mpaka diresi la sukulu lomaliza, chilichonse chimene anakusokera chinkabwera kunyumba ndi nkhope imeneyi. Ine ndinkaifufuta usanavale. Ankati, fufuta asaone, angayese ndikumuseka."

"Nanga ine?" anafunsa Achimwene, mawu atatsika. "Chaka chatha ananditumizira ka magalasi akuda. Ndinayesa akunditama kuti ndine bwana."

"Suti yako inali itatha, ndipo inakhala muno miyezi iwiri osabwera kudzatenga. Magalasi akudawo anakupatsa uli wamng'ono, poti ntchito ikakhala patsogolo pako sunkaiona."

Achimwene anatsitsa makatoni pansi pang'onopang'ono. Kenako anatola diresi limodzi mwa zimene mlongo wake anamwaza n'kuyamba kulibwezera pahang'ala, mosadziwa kuti kutsogolo n'kuti.

"Koma palibe, Amayi," anatero Namwino. "Ndafufuza paliponse. Yunifolomu yanga mulibe muno."

"Za ana ake sankapachika pamodzi ndi za anthu. Ankati zingagwire fumbi."

Amayi anazungulira thebulo lodulira nsalu, anawerama movutika, n'kukoka dirowa yapansi penipeni, imene Namwino ankaiyesa thabwa chabe. Munali phukusi la pepala lofiirira lomangidwa ndi kachidutswa ka nsalu. Analiika pathebulo ndi kumasula mfundo. Yunifolomu inali yoyera mbee, yositidwa, yopindidwa mmene Atelala okha ankapindira, manja ali kumbuyo. Mkati mwa kolala munali kankhope kojambula ndi choko chofiira, nsidze zitakumana pakati, kamlomo katapindikira pansi. Pa choko chonse cha mushopumo, chofiira chinali chakechake.

Namwino anaitambasula ndi kupindula m'munsi. Mpenderowo sunali wa makina. Unali wosoka pamanja, timisoko ting'onoting'ono totsatana. Pamwamba pake, nsaluyo ikayang'ana kuwala kwa pakhomo, pankaoneka mizere ya timabowo ta singano pamene ulusi unadutsapo n'kumasulidwa. Anawerenga. Mizereyo inali isanu.

"Masabata atatu onsewa," anatero wometa motsitsa, "m'mawa uliwonse ankabwera kwanga ndi singano khumi kuti ndiwalowetsere ulusi woyera, poti bowo sankaliona. Ankati makina akuthamanga kuposa maso awo, ndiye asoka pamanja. Ndikasuzumira ndinkawapeza atatsinzina, akusoka, chala chachikulu chikutsogolera singano. Akafika kumapeto, ankayendetsa chala pamsoko wonse, n'kupukusa mutu, n'kumasula. Ndinawauza kuti achimwene, mwanayo mugulireni ina. Anati ayi, mwanayo sananame, msoko unali woledzeradi. Lachiwiri m'mawa ndi pamene anandiitana kuti, bwera udzaone, tsopano wasiya mowa."

Apa Namwino analira kulira kumene kunamukanika kumanda. Sikunali kwa mpumulo wokha ayi. Abambo sanamukwiyire, sanamuitane ndi ululu, koma anamuitana ndithu. Anamuuza kuti bwera udzatenge, ndipo anakhala pampando uwo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, khutu lili kukhomo. Achimwene anabwera kudzaima pambali pake. Mawu opepesa sanali m'gulu la zinthu zimene ankadziwa kunena, choncho anangomugwira paphewa, dzanja lawo likulemera.

Amayi anakoka yunifolomu ija kuti aipindenso. Ataona kolala, dzanja lawo linachita zimene linazolowera kwa zaka makumi atatu: ananyowetsa chala chachikulu ndi lilime, n'kuchilozetsa pa kankhope kofiira kaja. Namwino anawagwira pamkono.

"Kasiyeni, Amayi. Ndakaona tsopano."

Anapukuta m'maso, anapita pa mpando wa Abambo umene anauzemba tsiku lonse, n'kukhalapo. Anayala yunifolomu pamiyendo, anapeza poyambira mpendero, ndipo anatsinzina. Kenako anayendetsa chala chachikulu pamsokowo pang'onopang'ono, kamsoko ndi kamsoko, kuzungulira chovala chonse mpaka kubwerera pamene anayambira. Chala sichinapunthwe paliponse.